Cifukwa Cake Anamwino Ayamba Apima Asanapereke Mankhwala

Usiku wina wa mwezi wa Juni, m'komboni ina ya mu Chipata, mwana wa miyezi isanu ndi itatu anayamba kulira mosalekeza. Anali atakhosomola masiku awiri. Amake anaika kuseri kwa dzanja pamphumi pake, namva kuti thupi latentha, ndipo anamumwetsa Panado wamadzi amene anatsala m'botolo la mwezi wathawo. Ambuya ake a mwanayo, amene anabwera kudzaceza kucokera kumudzi, anati ndi malungo a mphepo cabe. Iwo analamula kuti mwana afundidwe mabulangeti awiri, mbaula ilowe m'nyumba, ndipo zina zonse zioneke kukaca.

Nyumba yoyandikana nayo munali kukhala mai wina wacikulire amene anagwira nchito ya unamwino zaka zambiri asanapume. Atamva kulirako anagogoda pacitseko. Sanafunse zambiri. Anatulutsa mbaula panja, nauza amake mwana kuti amuyamwitse kufikira atakhala cete. Kenaka anakweza kamalaya ka mwanayo, nayatsa tochi, nayamba kuyang'ana pamimba pake ndi pa wochi.

"Amake mwana, wapuma nthawi 58 pa miniti imodzi, ndipo onani mmene cifuwa cikulowera apa pansi pa nthiti. Uyu sagona muno. Funani galimoto tsopano lino."

"Asisita, sitingayembekeze kuce? Thupi layamba kale kuzizira ndi Panado uja."

"Panado wazizitsa thupi, mwananga, koma cifuwa sanacikhudze."

Ku cipatala magazi a pa cala anaonetsa kuti malungo palibe. Cinali cibayo. Mwanayo anagonekedwa, anapatsidwa mpweya wa okosijeni ndi mankhwala, ndipo patapita masiku angapo anatuluka ali bwino. Mai wacikulire uja analibe mankhwala m'thumba, analibenso makina. Anali ndi wochi, maso, ndi nambala imodzi imene anaisunga m'mutu kuyambira ali pa nchito.

Pa cipatala kapena kiliniki iriyonse, wodwala asanalowe kwa adokotala amayamba wakhala pa benchi ya anamwino. Pamenepo amuika themomita m'khwapa, amugwira pamkono, amuyang'ana mmene apumira, ndipo ngati ndi wamkulu amumanga lamba pamkono ndi kupopa. Anthu ambiri amaona ngati uku ndi kutaya nthawi, ndipo m'mizere mumamveka madandaulo akuti, "Angondipima-pima cabe, nyeleti osandilasa." Koma zinthu zinai zimenezi, kutentha kwa thupi, kapumidwe, kugunda kwa mtima ndi BP, ndizo zimene zimauza a cipatala kuti ndani angathe kuyembekeza pa mzere ndipo ndani ayenera kulowa nthawi yomweyo. Wodwala amaiwala, wina amabisa, ndipo khanda silingathe n'kulankhula komwe. Zitatu mwa zinthu zinaizi banja lingathe kuzipima lokha panyumba popanda kuononga ndalama zambiri.

Kutentha kwa thupi

Nambala ya madigiri 37 imene anthu amaimva ku cipatala inakhazikitsidwa ndi dokotala wa ku Germany, Carl Wunderlich, amene mu 1868 anafalitsa zimene anapeza atapima odwala masauzande ambiri mu mzinda wa Leipzig. Thupi la munthu wabwinobwino silikhala pa 37 peni-peni nthawi zonse. M'mamawa limatsikirako, madzulo limakwererako, ndipo kuyambira 36.5 kufikira pafupi ndi 37.5 palibe codetsa nkhawa. Ngati themomita ya m'khwapa yaonetsa 37.5 kapena kuposa, ndiye kuti thupi latentha.

Dzanja pamphumi limathandiza, koma limanama kawirikawiri. Mai amene wangocoka kucapa ndi madzi ozizira adzamva mwana aliyense ngati moto, ndipo amene wangocoka pa mbaula sadzamva kanthu. Themomita ya batiri, imene imapezeka m'masitolo ogulitsa mankhwala, ndi katundu woyenera kukhala m'nyumba iriyonse muli ana. Popima, khwapa likhale louma, nsonga ya themomita ikhale pakati peni-peni pa khwapa, mkono upanikizidwe ku thupi, ndipo isacotsedwe kufikira italira. Amene akali ndi themomita yakale yagalasi ayenera kuigwedeza coyamba kuti mzere utsike pansi pa 35, ndi kuisunga m'khwapa maminiti asanu. Mtundu wagalasiwu ukutha pang'onopang'ono cifukwa madzi onyezimira a mkati mwake, mekyuli, ndi poizoni, ndipo maiko anagwirizana mu 2013 ku Japan, pa pangano la Minamata, kuti aleke kuupanga ndi kuugulitsa. Ikasweka, ana acotsedwe m'cipindamo, mawindo atsegulidwe, ndipo timadontho take tisagwidwe ndi manja kapena kusesedwa ndi tsache.

Colakwa cacikulu m'makomboni ndi kuganiza kuti kutentha thupi konse ndi malungo. Kale munthu akangotentha anali kugula kolorokwini pa kantemba. Mankhwalawo analeka kupha tizilombo ta malungo, ndipo kuyambira mu 2003 zipatala za m'Zambia zinayamba kupereka Coartem m'malo mwake. Lamulo la masiku ano ndi lakuti magazi ayambe apimidwa, ndipo kupima pa cala sikutenga ngakhale theka la ola. Thupi limatenthanso ndi cibayo, zilonda za pakhosi, mafinya a m'khutu, matenda a m'cikhodzodzo, taifodi, TB ndi matenda oumitsa khosi. Mwana amene apatsidwa mankhwala a malungo pamene adwala cibayo amataya masiku atatu amene sadzabwereranso.

Mwana wotentha thupi asafundidwe mabulangeti, ngakhale ambuya akalipe. Avale zopepuka, ayamwe kapena amwe madzi pafupipafupi. Panado aperekedwe molingana ndi sikelo ya mwana, osapitirira kanai pa tsiku, ndipo asipirini asapatsidwe kwa ana. Khanda losakwana miyezi iwiri nkhani yake ndi ina: likatentha, ngakhale pang'ono, lipite ku cipatala nthawi yomweyo. Cimodzimodzinso likazizira kufika pansi pa 35.5, cifukwa makanda ambiri odwala kwambiri satentha konse, amangozizira ndi kuleka kuyamwa.

Kuwerenga kapumidwe ka mwana

Pa zinthu zinai zija, ici ndico cimene anthu amacinyalanyaza kwambiri, koma ndico cimene cingapulumutse ana ambiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 mokha cibayo cinapha ana osakwana zaka zisanu oposa 700,000. Mapapo akadzala mafinya ndi madzi, mpweya wokwanira sulowa m'magazi, ndipo thupi limayesa kukwaniritsa mwa kupuma mofulumira. Kufulumiraku kumayamba msanga, mwana asanafooke, ndiye cifukwa cake m'zaka za m'ma 1990 WHO ndi UNICEF anakuika pakati pa ndondomeko yosamalira ana odwala imene anamwino ndi anchito a zaumoyo a m'midzi amaphunzitsidwa kufikira lero.

Manambala ake ndi atatu. Khanda losakwana miyezi iwiri lapuma mofulumira ngati lafika 60 kapena kuposa pa miniti imodzi. Mwana wa miyezi iwiri kufikira asanakwanitse caka, ndi 50 kapena kuposa. Wa caka cimodzi kufikira zaka zisanu, ndi 40 kapena kuposa. Munthu wamkulu amene wakhala cabe amapuma nthawi 12 kufikira 20. Ndi bwino manambalawa kuwalemba pa pepala ndi kulisunga pamodzi ndi kadi ya mwana ya ku sikelo, cifukwa pakati pa usiku, mwana ali kulira, palibe amene amakumbukira bwino.

Kuwerenga kwake kufuna kudekha. Mwana akhale cete kapena ali m'tulo, cifukwa mwana wolira kapena amene wangocoka kuthamanga adzapereka nambala yabodza. Malaya akwezedwe kuti mimba ndi cifuwa zioneke. Kukwera ndi kutsika kwa mimba ndi kupuma kumodzi, osati kuwiri. Munthu mmodzi agwire wochi kapena foni, wina awerenge, ndipo awerenge miniti yathunthu. Ena amawerenga masekondi 15 ndi kuculukitsa kanai. Kwa makanda njira imeneyi ndi yosadalirika cifukwa iwo amapuma mofulumira, n'kuima pang'ono, n'kuyambanso. Ngati nambala yafika pamalire, awerengenso kaciwiri.

Palinso cizindikiro cina cimene mai wa m'komboni uja anaona. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, cifuwa conse ndi mimba zimatukuka. Mwana amene mapapo ake avutika, mbali ya pansi ya cifuwa imalowa mkati pamene akoka mpweya, ngati pali wina amene akuikoka ndi cingwe. Izi zikaoneka pa kupuma kulikonse mwana ali cete, nkhani ya kuyembekeza kuce yatha. Cimodzimodzi ngati mwana abuula popuma, mphuno zitukuka, milomo kapena lilime lada, akana kuyamwa kapena kumwa, asanza ciriconse, agona mosadzuka, kapena wakomoka ndi kugwedezeka ngati wa khunyu.

Cibayo cikagwidwa msanga cimacira ndi mankhwala akumwa monga amokisisilini, amene apezeka pa kiliniki. Katemera woteteza ku kacilombo kamene kamayambitsa cibayo cambiri analowa pa kadi ya ana m'Zambia mu 2013, ndipo mwana aliyense ayenera kumulandira mokwanira. Nkhani ya mbaula nayo isapite osachulidwa. Utsi umaononga mapapo a ana, ndipo malasha oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha banja lonse liri m'tulo. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ndiyo imene ngozi zotere zimacitika.

Kugunda kwa mtima

Mtima ukagunda kamodzi, mtsempha wa pamkono umadumpha kamodzi. Umamveka bwino pamene dzanja lilumikizana ndi mkono, ku mbali ya cala cacikulu. Agwiritse nchito zala ziwiri, colozera ndi capakati, osati cala cacikulu, cifukwa ico ciri ndi kugunda kwake-kwake kumene kumasokoneza. Wamkulu amene wapumula amagunda 60 kufikira 100 pa miniti. Ana amagunda mofulumirapo, ndipo khanda lingafike 160 popanda vuto. Kutentha thupi, mantha, ululu, fodya ndi kucepa kwa magazi zonse zimafulumizitsa mtima.

Cofunika si nambala yokha koma mphamvu yake. Kugunda kofulumira koma kofooka, kovuta kukumva, pamodzi ndi manja ozizira ndi cizungulire, kumasonyeza kuti madzi kapena magazi atha m'thupi. Izi zimaoneka mwa mai amene ataya magazi atabereka, mwa munthu wa pa ngozi, ndi mwa wotsegula m'mimba kwambiri. Pa mliri wa kolera wa 2023 ndi 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium mu Lusaka linasandutsidwa malo ogonekamo odwala, cizindikiro cimeneci cinali cimodzi mwa zimene zinali kusiyanitsa wofuna diripi ndi amene angathe kumwa ORS. Wodwala wotere amwetsedwe ORS ali pa njira ngati angathe kumeza, koma ulendo usacedwe. Mwa okalamba, mtima umene ugunda mosalongosoka, mofulumira n'kudumpha-dumpha, uyenera kukaonetsedwa ngakhale palibe cowawa, cifukwa ungayambitse sitiroko.

BP

Dzina lakuti "kuthamanga kwa magazi" limasokoneza anthu. Nkhani si liwiro, ndi mphamvu imene magazi akankhira m'mitsempha. Aliyense amene anaonapo paipi ya madzi ikuphulika pa mfundo madzi atabwera ndi mphamvu usiku angamvetse. Mitsempha ya mu ubongo, ya m'maso ndi ya mu impso ndi yaing'ono kwambiri, ndipo ikakankhidwa mopitirira caka ndi caka imauma, imatsekeka kapena kuphulika. Mtima nawo umatopa ndi kukula.

Lamba wopopa uja anamuyambitsa ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896. Mu 1905 dokotala wa asilikali wa ku Russia, Nikolai Korotkoff, anapeza kuti munthu akamvetsera pa mtsempha pamene mpweya utuluka mu lamba, amamva kugogoda kumene kumayamba ndi kuleka. Poyambira kugogodako ndiyo nambala ya pamwamba, mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya. Polekera ndiyo nambala ya pansi, pamene mtima wamasuka kuti udzazenso. Wamkulu wathanzi amakhala pafupi ndi 120/80 kapena kutsikirako. Ngati pa masiku awiri osiyana nambala ya pamwamba yafika 140, kapena ya pansi yafika 90, munthuyo ali ndi matenda a BP.

M'makomboni munthu akakwiya kapena mutu ukamuwawa amati, "BP yanga yakwera." Akasangalala amati yatsika. Apa ndi pamene pagona ngozi, cifukwa anthu ambiri a BP samva kalikonse. Amapita ku msika, amakwera njinga, amaimba ku chalichi, kufikira tsiku limene pakamwa papotoka ndi dzanja lafa, ndipo abale ayamba kufunafuna amene wawalodza. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa za Umoyo unacita mu 2017 mothandizidwa ndi WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu alionse m'Zambia, a zaka 18 kufikira 69, anali ndi BP yokwera. Palibe njira ina yodziwira koma kupimitsa. Wamkulu aliyense ayenera kupimitsa ngakhale kamodzi pa caka, makamaka amene wapitirira zaka 40, wonenepa, wa matenda a shuga, kapena amene makolo ake anadwala sitiroko.

Kupima kolakwika kumabweretsa mavuto awiri: wathanzi amapatsidwa mankhwala osafunika, wodwala amauzidwa kuti ali bwino. Munthu amene wayenda pa dzuwa kucokera ku Kapata kapena ku Mchini n'kumangidwa lamba atangofika adzapezeka ndi nambala yokwera. Ayenera kukhala pansi maminiti asanu, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli pa thebulo molingana ndi mtima. Asakhale ndi mkodzo, asakoke fodya kapena kumwa khofi kwa theka la ola asanapimidwe, ndipo asalankhule pamene makina agwira nchito. Lamba amangidwe pa khungu, osati pamwamba pa juzi. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza nambala, conco mai wonenepa ali ndi ufulu wofunsa ngati pali lamba wamkulu. Amene afuna kugula makina a panyumba asankhe omanga pa mkono wa kumtunda. Omanga pafupi ndi dzanja amalakwitsa msanga.

Amene anayamba mankhwala, monga amlodipine kapena nifedipine, ayenera kudziwa kuti mapiritsiwa sacotsa matenda, amangowagwira. Cizolowezi comwa piritsi pokhapo mutu ukawawa, kapena kuleka cifukwa nambala yatsika, ndico cimadzaza mawodi ndi anthu akufa ziwalo. Nambala yatsika cifukwa ca piritsi lomwelo. Ngati mankhwala atupitsa miyendo kapena abweretsa cizungulire, kapena bambo aona kuti mphamvu za m'nyumba zacepa, zimenezo anene kwa adokotala, mitundu ina iripo. Mcere nawo ucepe. WHO ikuti wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kumene ndi kucepera sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuphatikizapo mcere umene uli kale mu kapenta, nsomba zouma, buledi, soseji ndi timibulu tokometsera ndiwo. Kambale ka mcere kamene abambo amafuna pambali pa nsima ndiko koyamba kucoka.

Nambala ikafika 180/120, ndipo munthu amva mutu waukulu, cifuwa cowawa, kubanika, kusaona bwino, lilime lolemera kapena kufooka mbali imodzi, apite ku cipatala nthawi yomweyo. Asayambe amwa adyo kapena mandimu kuti aone ngati itsika.

Kwa amai apakati malire ndi okhwima. BP ya 140/90 mimba itapitirira miyezi isanu ndi cizindikiro ca matenda amene angagwetse mai ngati wa khunyu ndi kupha iye pamodzi ndi mwana. Ndico cifukwa cake anamwino amamanga lamba pa ulendo uliwonse wa ku sikelo ndi kupimanso mkodzo. Mutu wosamva Panado, kuona nyenyezi kapena cimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, ndi kuwawa pamwamba pa mimba pansi pa nthiti sizifuna kuyembekeza deti yolembedwa pa kadi. Apongozi amene amati kutupa ndi cizindikiro ca mapasa angakhale olondola, koma mimba ya mapasa ndiyo imene matendawa amaikonda kwambiri. Ngoziyi siithera pa tsiku lobereka; ingabwerenso m'masabata oyamba mai atacira.

Kacipangizo kopana ku cala

Kuyambira nthawi ya COVID-19, mu 2020 ndi 2021, mabanja ena ali ndi kacipangizo kopana ku cala kamene kamaonetsa kuculuka kwa okosijeni m'magazi. Munthu wathanzi amakhala pa 95 kufikira 100. Nambala ikatsika pansi pa 90, wodwala afunika okosijeni wa ku cipatala mwamsanga. Koma kacipangizoka kali ndi zofooka zake. Zala zozizira ndi penti wa ku zikhadabo zimakasokoneza. Mwa munthu amene wakoka mpweya woipa wa malasha kamaonetsa nambala yabwino pamene iye ali pafupi kufa. Ndiponso kafukufuku wa ku yunivesite ya Michigan ku America, wofalitsidwa mu 2020, anaonetsa kuti pa khungu lakuda kamakonda kuonetsa nambala yokwera kuposa yeni-yeni. Conco munthu amene abanika, apuma mofulumira kapena alephera kumaliza mau, apite ku cipatala ngakhale kacipangizoko kalembe 96.

Zimene banja lapima panyumba zimathandiza adokotala pokhapo zitalembedwa. Kabuku ka sukulu kakwanira: tsiku, nthawi, nambala, ndi mankhwala amene anaperekedwa. Nthawi imene Panado anamwedwa ndi yofunika kwambiri, cifukwa mwana amene anali pa 39.5 pakati pa usiku angafike pa benchi ya anamwino ali pa 37, ndipo akapanda kuuzidwa iwo adzalemba kuti thupi silinatenthe. Wa BP alembe manambala onse awiri, m'mamawa asanamwe piritsi ndi madzulo, kwa masiku angapo asanapite kukatenga mankhwala ena. Kabukuko kanyamulidwe pamodzi ndi kadi ndi mapaketi a mankhwala onse amene wodwala akumwa, kuphatikizapo a zitsamba.